Kawailesi ka mayi anga patatha miyezi 9

Ndinakagula mu February kumsika wa pa boma pano pa Mangochi. Ndi kakang'ono, ka memori khadi, kumsana kuli kasola. Sindinagulire nkhani kapena mpira ayi, ndinagulira mayi. Ali ndi zaka 78 ndipo matenda oiwala, aja adokotala amati dementia, anawagwira kalekale. Dzuwa likamapendeka ndiye pamavuta. Amamanga zitenje pamtolo n'kuima pakhomo, ati akubwerera kwawo ku Malindi bambo asanatsike m'ngalawa. Bambowo tinaika m'manda zaka zambiri zapitazo. Anthu ena pamudzi anayamba kale kunong'ona za ufiti, ndipo zimenezo zimandiwawa kuposa matendawo.

Mwezi woyamba ndinataya nthawi. Mnyamata woika nyimbo anadzaza khadi ndi zamakono, mayi n'kumati phokoso. Zinasintha nditaikamo nyimbo za kwaya zimene ankaimba kutchalitchi ali mtsikana. Tsiku lina cha m'ma 5 koloko, mtolo uli kale pamutu, ndinayatsa. Anaima kaye, kenako anakhala pamkeka, dzanja likugunda bondo. Anaimba ndime zitatu osaphonya liwu, munthu amene m'mawa womwewo anandifunsa kuti, "Kodi inu ndinu mwana wa yani?"

Si zamatsenga. Matenda a Alzheimer, omwe ndi mtundu umodzi wa dementia, amayamba kuwononga kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus, kamene kamathandiza kusunga zinthu zatsopano. Nyimbo zimene munthu anazizolowera kale zimadalira mbali zinanso, ndipo kafukufuku wa mu 2015 wa akatswiri a bungwe la Max Planck ku Leipzig, m'dziko la Germany, anapeza kuti mbalizo zimachedwa kuwonongeka. N'chifukwa chake za chakudya cha masana amaiwala, koma nyimbo za utsikana wawo zilipobe.

Koma ndinene zoona: kuiwalako sikunachepe. Kukupitirira ndithu. Chimene kawailesika kamachita n'kuwakhazika mtima pansi kwa ola limodzi kapena kuposerapo, ndipo pa masiku asanu ndi awiri mwina anayi ndi amene zimatheka. Akadwala malungo kapena kukatentha kwambiri ngati mu October muja, nyimbo sizigwira. Nyimbo ina imawaliritsa, ndikuganiza kuti inaimbidwa pamaliro a bambo, ndiye ndinaichotsa.

Inenso ndapindula mosayembekezera. Nkhawa ikachuluka thupi limatulutsa homoni ya cortisol, mtima n'kumathamanga, ndipo nyimbo zodekha zimathandiza kuutsitsa. Ndikamakonza usipa pakhonde ndikuimba nawo, mapewa amamasuka.

Tsopano kachipangizoko. Mawu ake ndi abwino, sakunjenjemera. Kasola kaja n'kokongoletsa chabe, tsiku lonse padzuwa la Mangochi koma batire osadzaza, ndiye ndimatchaja pamagetsi akakhalapo. Poyamba kankatha maola asanu, pano awiri basi. Ndinalakwitsa ndekha pokasiya padzuwa, batire silifuna kutentha. Fumbi la mwera mu July linalowa polowetsa khadi mpaka ndinamatapo selotepi. Chondinyansa kwambiri ndi liwu la mzimayi wa Chingerezi limene limakuwa ukangoyatsa. Mayi amadzidzimuka nalo n'kufunsa kuti mlendoyo walowera pati. Ndiye ndimayatsira kukhitchini, nditakaphimba ndi nsalu, kenako n'kubwera nako nyimbo itayamba kale.

Mabatani ndi ang'ono, mayi sangayatse okha. Kakadzafa ndidzagula kena, koma ka batani lalikulu lopotokola. Khadi ndiye ndinakopera kale nyimbo zake mufoni ya mlongo wanga.