AutoCAD kapena Revit: muyambe ndi iti pa kosi ya architectural technology?

Funsoli limabuka ophunzira akangotsanzikana ndi bolodi ndi pensulo, mphunzitsi n'kunena kuti asayimenti yotsatira ikhale ya pakompyuta. Mapulogalamu ojambulira mapulani a nyumba awiriwa ndi a kampani imodzi, Autodesk, ndipo wophunzira amawapeza ulere kwa chaka chimodzi akatumiza umboni woti ali pasukulu, n'kumawonjezera chaka ndi chaka. Ndiye mtengo tiusiye. Chofunika kuyang'ana n'chakuti pulogalamu iti imakuphunzitsani kumanga, ndipo iti imabisa zimene simunazidziwe.

AutoCAD inatuluka mu 1982, ndipo mpaka lero ndi bolodi lojambulira lomwe langolowa m'kompyuta. Mukafuna khoma la njerwa la mamilimita 230, mumakoka mzere n'kuuchita OFFSET ndi 230, kutanthauza kukoka mzere wina pambali pake pa mtunda umenewo. Kwa iyo imeneyo ndi mizere iwiri basi, sidziwa kuti ndi khoma. Revit inabwera mu 2000, Autodesk n'kuigula mu 2002. M'menemo nyumbayo mumachita kuimanga: khoma limakhala ndi msinkhu wake, kukhuthala kwake ndi zomangira zake, ndipo pulani, section (nyumba yooneka ngati yadulidwa kuchokera padenga mpaka pansi) ndi elevation (maonekedwe ake a kunja) zonse zimadulidwa pa nyumba imodziyo.

Ubwino wake mumauona mphunzitsi akanena kuti zenera la kukhitchini lisunthe ndi mamilimita 600, ntchito ikufunika mawa m'mawa. Mu Revit mumalisuntha kamodzi, kwina konse lasunthanso, ndipo ndandanda ya mazenera ndi zitseko imadzikonza yokha. Mu AutoCAD mumayamba pa pulani, kupita pa elevation, kenako section, ndipo kawirikawiri pamodzi pamaiwalika. Malikisi ambiri amathera pamenepo: pulani ikunena zina, elevation ikunena zina.

Koma kosi imeneyi si ya zithunzi zokongola. Wowongolera ntchito yanu amathamangira pa section ndi pa ma detail (zojambula zokulitsa kambali kamodzi ka nyumba) a sikelo ya 1:20, 1:10 kapena 1:5, kuti aone ngati mukudziwa mmene khoma limakhalira pa maziko. Akufuna aone konkire ya maziko ndi miyezo yake, hardcore (miyala yoswa ya pansi pa silabu) yotsenderedwa, pepala la pulasitiki pansi pa silabu ya mamilimita 100, DPC (chotchinga chinyezi cha m'khoma) ili mamilimita osachepera 150 pamwamba pa nthaka, lintel (mtanda wa pamwamba pa khomo kapena zenera) yoluma khoma mbali zonse ziwiri, ndi waya kapena hoop iron yomangirira wall plate (thabwa lomwe denga limakhalapo pamwamba pa khoma) kuti mphepo isasasule denga. Zonsezi Revit sikuikirani. Imakupatsani section m'kanthawi kochepa, yooneka ngati yatha, koma khoma likungokhala pa silabu popanda chotchinga chinyezi. Wophunzira wa chaka choyamba amaikhulupirira chifukwa yachokera m'kompyuta. Mu AutoCAD mzere uliwonse mumauika nokha, ndiye pamene simukudziwa pamakhala pepala loyera, mumakakamizika kutsegula buku kapena kukaima pamalo omwe akumanga. Ndipo ngakhale odziwa Revit, ma detail awo amawamalizitsa ndi mizere ndi tizidutswa ta 2D pamwamba pa section yodulidwayo.

Misampha ya Revit njodziwika. Makoma omwe amabwera nayo ndi a kamangidwe ka kunja, ena okhala ndi mpata pakati ndi zotsekera kuzizira. Pangani anu: Edit Type, Duplicate, n'kuika buloko ya mamilimita 150 pakati ndi pulasitala wa 15 mbali zonse, khoma lonse likhale 180. Pojambula, Location Line (mzere womwe khoma limatsatira) ikhale pa Core Face, ndiye kuti pa nkhope ya buloko, apo ayi miyezo yanu idzayambira pa pulasitala, pomwe mmisiri amayeza kuchokera pa buloko. Ma Level (misinkhu ya nyumba) muwakonze musanaike khoma ngakhale limodzi, ndipo Top Constraint ya khoma, pomwe khomalo limathera kumwamba, muimangirire ku Level ya pamwamba. Ikatsala pa Unconnected, makoma akhoza kubowola denga. Chinanso, pulani imadulidwa pa mamilimita 1200 kuchokera pansi, ndiye timazenera tam'mwamba ta kuchimbudzi sitioneka bwino. Musasinthe View Range (msinkhu wodulirapo) ya pulani yonse chifukwa cha kazenera kamodzi, ikani Plan Region pamalopo kuti musinthe pokhapo.

AutoCAD nayo ili ndi zake, koma zambiri ndi za kusasamala. Yambirani pa fayilo yoyambira ya acadiso.dwt, ya mamilimita, osati acad.dwt ya mainchi. Jambulani chilichonse pa 1:1 mu model space (malo ojambulira), sikelo muiike pa viewport (kawindo koonetsa chojambulacho) mu layout (pepala lokasindikiza), kenako viewportyo muikhome. Viewport yosakhoma imasintha sikelo mukangozungulitsa kawilo ka mausi muli m'kati mwake. Musaunjike zonse pa layer (gulu la mizere) imodzi ya 0. Makoma odulidwa atuluke ndi mzere wokhuthala mamilimita 0.5, zitseko ndi mazenera 0.25, miyezo ndi hatch (timizere todzazira malo odulidwa) 0.18 kapena 0.13. Pepala lomwe mizere yonse njofanana limawerengeka movutikira, ngakhale zonse zili zolondola.

Tsono laputopu. AutoCAD ya 2D imayenda pa RAM ya 8GB. Revit yatsopano imafuna 16GB, ndipo njaWindows yokha, pomwe AutoCAD ili ndi mtundu wa Mac. Kuitsitsa kumadya magigabaiti angapo, ndiye chitirani pa intaneti ya kusukulu, osati pa bando yanu. Nkhani ya magetsi siyopepukanso, makamaka batire ikakhala yotopa. AutoCAD imadzisungira yokha mphindi 10 zilizonse, ndipo kompyuta ikazima mwadzidzidzi mumapeza ntchito yanu mu Drawing Recovery Manager. Revit sidzisungira. Imangokukumbutsani pakapita nthawi, ndipo ambiri amakankha uthengawo osauwerenga. Zolowerani Ctrl+S.

Pa ntchito ya pagulu pali china chomwe chimaliritsa anthu. Fayilo ikasungidwa mu Revit ya mtundu wa 2025, siitsegukanso mu ya mtundu wa 2024, ndipo palibe njira yoibwezera m'mbuyo. Mmodzi yekha wa mtundu watsopano akaitsegula n'kusunga, gulu lonse latsekeredwa kunja, pamodzi ndi makompyuta a mu labu ngati ali ndi wakale. Gwirizanani mtundu umodzi tsiku loyamba, ndipo ukhale wa mu labu. AutoCAD ilibe vutoli, Save As imalola kusunga fayilo yake ya DWG mu mtundu wa zaka zam'mbuyo.

Pali ArchiCAD ya kampani ya Graphisoft ya ku Budapest, yomwe imagwira ngati Revit, imayenda pa Windows ndi pa Mac, ndipo nayo ili ndi layisensi ya ophunzira. Ngati ndiyo amaphunzitsa kusukulu kwanu, tengani imeneyo, musadzipatse ntchito ziwiri. SketchUp njabwino poyesa maonekedwe a nyumba msangamsanga, koma musaidalire pa mapepala a omanga.

Ife tingati chaka choyamba chikhale cha AutoCAD, mpaka mutatha kujambula section ya nyumba ya zipinda zitatu kuyambira pa maziko mpaka pa mtanda wa denga osaonera. Revit ilowe pamene asayimenti yafika pa nyumba yosanja, ya masitepe ndi mapepala ambiri, poti apo kusintha chinthu chimodzi pamanja kumadya usiku wonse. Wa laputopu ya 8GB asadandaule, chaka choyamba chimukwanira.

Iliyonse yomwe mwasankha, tulutsani PDF pa saizi yeniyeni ya pepala. A1 ikasindikizidwa pa A3 imachepa ndi theka, 1:50 imasanduka 1:100. Uzani wosindikiza asayatse Fit to page, ndipo musanachoke pashopu ikani rula pa khomo la mamilimita 900: pa 1:100 liyenera kukwana mamilimita 9.