Link, flash kapena DCP poonetsa mafilimu afupiafupi pa kampasi

Anthu atatu andifunsa sabata ino kuti ku kalabu yathu ya mafilimu timaonetsa bwanji ma short film aja a Lachisanu, ndiye ndingoyankhiratu kamodzi, ndatopa kutumiza ma voice note.

DCP ndithane nayo msanga. Ndi mtundu wa mafayilo a filimu umene amagwiritsa ntchito ku ma cinema enieni, chithunzi chake palibe chonena, koma imafuna server yake ndipo ife tili ndi projekita ya mu lecture theatre basi. Ena amaitsekanso ndi KDM, kiyi yogwira masiku okhawo amene munagwirizana, mukasuntha tsiku chifukwa cha mayeso muyambirenso kupempha ina. Kwa ife ayi.

Link ya password, yoonera filimu pa intaneti, ndi imene ndili nayo chakukhosi. Semesita yathayi tinali ndi filimu ya experimental ya mphindi 12, yamdima pafupifupi yonse, mawu ake mphepo yokhayokha, ndipo mwini wake anabwera yekha kudzakhala kutsogolo. Anakana kutipatsa fayilo ati anthu angaikope, ine nkuvomera. Masana ndinayesa, inkayenda bwinobwino. Madzulo holo itadzaza aliyense foni yake pa Wi-Fi yomweyo, basi yafa, ndiye ndinayatsa hotspot yanga. Chimene sindinkadziwa nchakuti netiweki ikafooka player imatsitsa yokha quality osakufunsani, 1080p inagwa mpaka 360p, ndipo mdima ndi umene umayamba kuwonongeka, wonse unasanduka timabokosi totuwa tosambira pakhoma. Kenako chithunzi chinaima. Anthu anakhala chete ndithu kuganiza kuti ndi luso, poti experimental sudziwa, wina kumbuyo mpaka anawomba m'manja. Bandulo inali itatha, ya mwezi wonse, ndalama yanga osati ya kalabu, ndipo palibe anandibwezera.

Choipitsitsa chinali pa mafunso. Mtsikana wina wa first year anafunsa mwaulemu kuti bwana, timabokosi tija timatanthauza chani. Nkhope ya mwini filimu uja sindidzaiwala aise.

Flash ndi VLC, player ya mafilimu ya pa laputopu, ndiye anzanga mpaka kale, ndikukondera ndipo sindikubisa. Pemphani fayilo ya MP4 ya H.264, mtundu wina uja wa ProRes ndi wokongola koma ndi wolemera, laputopu yachikale imachita chibwibwi. Flash ikakhala ya format ya FAT32 imakana fayilo yoposa 4GB ngakhale malo alipo, ipangeni format kukhala exFAT, kenako koperani filimuyo mu laputopu osaseweretsa ili pa flash. Mawu pemphani a stereo, chifukwa pa 5.1, ya masipika ambiri ija, zolankhula zimakhala pa sipika ya pakati, mawaya akalakwika mumangomva nyimbo anthu akuyendetsa milomo. Ma subtitle a .srt dzina lifanane ndi la filimu. Waya wa ku projekita wa VGA sunyamula mawu, tengani wa HDMI. Filimu ikabwera ya 4:3 isiyeni choncho ndi mdima wake m'mbali, pali anzathu ena amakonda kuitambasula kuti idzaze khoma, nkhope nkukhala ngati chigumu.

Vuto la flash ndi ma virus a mu kompyuta labu, ndiye yanga siyibwerekedwa olo mundinene kuti ndine woumira.

Panopa lamulo ndi fayilo ifike pofika Lachitatu, apo ayi filimu sikulowa pa pulogalamu. Mkulu wa timabokosi uja ndamulembera kawiri kuti tionetsenso yake bwinobwino, ma tick abuluu okhaokha.