Mat yodulirapo nsalu ikatha: kuinyika, kuipala, kuitembenuza kapena kungoidula?

Anzanga osoka, makamaka inu amene mumalumikiza tizigamba ta zitenje kupanga ma quilt, zikwama ndi zoyala pabedi, nkhani ya mat yobiriwira yodulirapo ija ikakalamba imatizunguza tonse, chifukwa kuti upeze ina yabwino pamafunika ndalama ndithu ndipo ambirife timachita kuitanitsa kwa achibale ku Joni. Ndiye malangizo amachuluka, wina akuti inyikeni mu viniga, wina akuti ipaleni ndi sandipepa, wina akuti iyanikeni padzuwa. Vuto ndi loti njira zimenezi sizichiza matenda amodzi. Mat imafa mitundu itatu: ina yangodzaza ulusi ndi litsiro, ina yapindika ndi kutentha, ina yakumbika mizere yakuya. Mukaipatsa mankhwala a matenda ena mungotaya nthawi, penanso nkuimaliziratu.

Musanayambe chilichonse onetsetsani kaye kuti wolakwa ndi mat osati mpeni. Tengani kansalu ka thonje mudule mzere wautali ndi rotary cutter yanu, mpeni wodulira nsalu wa leza wozungulira ngati tayala uja. Ngati pakutsala ulusi wosaduka pamtunda wofanana wofanana, ndiye kuti leza wake wabenthuka penapake, poti wa 45mm uja akazungulira kamodzi amayenda masentimita pafupifupi 14, ndiye masentimita 14 aliwonse muona kaulusi katsala. Koma ngati ulusi ukutsala pamalo omwewo a mat olo musinthe leza, eya, ndi mat imeneyo. Kenako yendetsani chikhadabo modutsa mizere ija. Chikamangotsetsereka nkumamva kukakala chabe, mat idakali ndi moyo. Chikamakodwa mu mzere, pamenepo nkhani ndi ina.

Tiyambe ndi kunyika, poti ndi njira imene aliyense amathamangira. Muyeso umene ambiri amatsata ndi kota ya kapu ya viniga woyera, mamililita ngati 60, mu malita 4 a madzi ozizira, nkuisiya mat mmenemo mphindi 15 mpaka 20, kenako kasopo kotsukira mbale pang'ono ndi mswachi wofewa wakale, nkutsukuluza, nkupukuta ndi thaulo, nkuyanika chogona pamthunzi. Madzi akhale ozizira ndithu, otentha aja ndi amene amaipinda. Anthu amati mat imamwa madziwo nkufewanso, ine chimene ndimaona ndi maso ndi choti imayera, ndipo kuyerako ndiye nkhani yonse. Ma mat amene amawatcha self-healing, monga a Olfa ndi Fiskars, amapangidwa ndi pulasitiki wofewa woti leza akadutsa kamzere kamatsekekanso kokha, koma mukamadula batting (zofewa zoika mkati mwa quilt zija), fleece kapena nsalu ya ubweya, tiulusi timakanirira mkati mwa kamzereko ndiye sikangatsekeke, kamangokhala kukamwa yasa. Chotsani tiulusito, mat imabwerera. Musananyike nkomwe yambani mwapukuta ndi labala wa pensulo woyera uja mozungulizazunguliza, muona tiulusi tikutuluka ngati timipukutu tating'ono, zotsalazo nkuzimata ndi selotepi yaikulu ija nkumatula. Nthawi zina labala yekhayo amamaliza ntchito viniga osafunikanso.

Chovuta cha kunyika ndi malo. Ya mainchesi 12 kwa 18 imalowa mu beseni lalikulu, koma ya 24 kwa 36, imene ili ngati masentimita 60 kwa 90, imafuna bafa lenileni, ndipo ngati mulibe chonde musaipinde kuti ikwane. Yalani pepala la pulasitiki pa simenti yosalala, ikani mat, phimbani ndi mataulo oviika mu madzi a viniga aja, muzithirirako akamauma. Zimagwira bwinobwino. Koma tinene zoona, kunyika sikubweza pulasitiki amene wachoka. Mzere wokumbika ukhala wokumbika olo muinyike tsiku lonse.

Ndiye apa mpamene ena amatenga sandipepa. Ineyo njira iyi sindiikonda pa mat yofewa, ndinene poyera. Inde imachotsa timapiri tating'ono ta m'mbali mwa mizere ndipo pamwamba pamaoneka posalala, koma imachotsanso mizere yoyezera ndi manambala, ndipo kachikopa kapamwamba kamene kamadzitseka kokha kaja ndi kopyapyala, mukakapala kwambiri mwafika pa pulasitiki wolimba wapakati amene amabunthitsa leza msanga. Komanso dzanja silipala mofanana, pamatsala kachigwa, ndiye rula ikakhala pamenepo nsalu imatha kusuntha pansi pake. Pamene kupala kuli ndi nzeru ndi pa ma mat olimba oyera aja osadzitseka okha, amenewo amachita timinga pamwamba timene timakoka nsalu, ndipo sandipepa wosalala kwambiri wokulunga pa kathabwa, mopepuka, amathandiza. Pa yobiriwira yofewa ngati mwaumirira palani pamalo povutapo pokha, pang'ono, basi.

Ena ndawamva akuti amathira super glue m'mizere. Ayi. Guluu akauma amalimba kuposa mat, leza akafika pamenepo amadumpha kapena kubenthuka.

Kutembenuza ndi njira yaulere imene anthu amaiwala, ndipo pa mat yokumbika imaposa kunyika ndi kupala zonse. Ma mat ambiri amadulika mbali zonse ziwiri, ena kumbuyo kuli mizere ya masentimita pamene kutsogolo kuli mainchesi, ena kumbuyo kulibe kalikonse, koma zilibe kanthu chifukwa poyeza timayenera kudalira rula yoonekera mkati ija osati mizere ya pa mat. Ndipotu chimene chimakumba mat ndi chimenechi, kudula pa mzere umodzimodzi tsiku ndi tsiku chifukwa ndi pamene tinazolowera, mzere wa 0 kapena wa 10, mpaka pamakhala ngalande. Leza akafika pafupi ndi ngalandeyo amagweramo ngati tayala la njinga mu kanjira kokumbika ndi mvula, iwe ukufuna kupita uku iye akukukokera uko, ndipo kachigamba kako kamene kamayenera kukhala mainchesi awiri ndi theka katuluka kokhota. Pa quilt zimenezo zimaoneka, makona sakumana. Ndiye tembenuzani kumbuyo, kapena ingozunguzani kuti kumutu kukhale kumiyendo, muzidula malo amene sanagwirepo ntchito. Yang'anani chabe kuti mizere ya kutsogolo sinaboole mpaka kuseri, ikwezeni poyera muone ngati kuwala kukudutsa. Ngati kukudutsa, kapena mukaipinda pang'ono mzere ukutseguka ngati ithyoka, kuseriko sikukhalitsa.

Tsopano yopindika. Iyi ndiye imawawa kwambiri chifukwa nthawi zambiri imakhala mat yabwinobwino, yangosiyidwa mu galimoto yotseka masana, kapena pafupi ndi windo mwezi wa October, kapena inaimikidwa chotsamira khoma mu shopu ya malata nkuwerama yokha ndi kutentha. Njira ziwiri zimapikisana apa, dzuwa ndi simbi. Ya dzuwa ndi yoti muigoneke pa simenti yosalala kapena pa thabwa la pulayi panja mpaka itenthe nkufewa yonse mofanana, kenako muinyamule ndi thabwa lomwelo kulowa nayo mkati, muike thabwa lina pamwamba, musanjikepo mabuku kapena njerwa paliponse osati pakati pokha, muisiye izizire pang'onopang'ono mpaka mawa. Musaivundukule msanga kuti muone, ikazizira yosapanikizika imabwerera mmene inalili. Ngati kupindikako kunali kwa mafunde aakulu ofatsa, mwayi ulipo ndithu. Ya simbi, yoti muphimbe ndi thaulo nkusita pamwamba, ineyo ndimaletsa, makamaka simbi ya makala imene simungaichepetse moto, chifukwa imatenthetsa malo amodzi ndipo kutenthetsa malo amodzi ndi kumene kumabweretsa chotupa pa mat. Ndipo chotupa chotero, cha simbi kapena kapu ya tiyi, sichimva njira iliyonse, pulasitiki anatanuka ndipo alibe kobwerera. Olo mat iwongoke, ikani rula pamwamba muone ngati mizere yake ikugwirizanabe, kawirikawiri imakhala itasuntha pang'ono, ndiye musaikhulupirirenso poyeza.

Ikakanika zonsezi, funso limatsala loti muzingoipirira kapena muidule. Ambiri amaipirira chifukwa cha chisoni ndi ndalama imene anagulira, koma werengani bwino, mat yokumbika imadya maleza, ndipo maleza a rotary cutter si otchipa komanso sapezeka pa golosale iliyonse. Leza wobuntha naye amakupangitsani kukanikiza mwamphamvu, kukanikizako kumakumbanso mat, zimangodyana choncho, dzanja ndi phewa zikupweteka, nsalu ya kasitomala ikuonongeka. Olfa anatulutsa rotary cutter mu 1979 kuti munthu azidula nsalu zosanjikiza mopepuka, ndiye ngati mukuchita kugonera ndi thupi lonse kuti idule, china chake chatha pa ziwirizi, leza kapena mat.

Kuidula sikutaya, ndipo pa njira zonse iyi ndi imene sinakhumudwitsepo munthu. M'mbali ndi m'makona mwa mat nthawi zambiri mumakhala mwatsopano chifukwa tonse timadulira pakati, ndiye chekani chidutswa chabwino chikhale ka mat kakang'ono ka pambali pa mashini, kodulirapo tiulusi ndi kuwongolera tizigamba osadzuka pampando, ndipo poti ndi kakang'ono mumangokazunguza m'malo mosuntha nsalu. Podula gwiritsani mpeni wa Stanley ndi rula yachitsulo, mudutse kangapo mzere umodzi osafuna kumaliza kamodzi, pansi muike thabwa, zala kutali. Sizasi yodulira malata imathanso. Sizasi yanu ya nsalu isayandikire nkomwe.

Pakati pokumbika paja ndiye golide wa osoka zikwama. Dulani muyeso wa pansi pa chikwama kuchotsako pang'ono kuti chilowe momasuka, makona anayi aja muwazungulize ndi sizasi ya malata ija nkuwasalaza ndi sandipepa, apa sandipepa ali pamalo pake, chifukwa kona yosongoka imaboola layini ya mkati pakangopita nthawi. Sokani kathumba ka chitenje chomwecho, lowetsani chidutswacho, kukamwa kwake musiye kosatseka kapena muike velcro kuti mwini wake azichotsa akamachapa. Yerekezani ndi katoni imene ambiri timaika pansi pa zikwama, katoni ikanyowa kamodzi yafa, imafewa nkuyamba kununkha, pamene chidutswa cha mat madzi sichiwaopa ndipo chikwama chimaima chilili olo muikemo mabuku. Kulemera kokha ndi kumene kumaonjezekera pang'ono, ndiye pa tizikwama tating'ono ta m'manja sichofunika, koma pa zikwama za kumsika, za laputopu ndi za matewera a mwana ndi chabwino kwabasi, ndipo kasitomala amachimva ndi dzanja akangonyamula.

Zotsala zing'onozing'ono zimakhala mapatani, ma sikweya, ma hexagon, chivindikiro cha thumba, zoti muzijambulira ndi choko mozungulira, sizitha m'mbali ngati katoni. Koma zikhale zojambulira basi, musayendetse rotary cutter m'mbali mwake ngati rula, leza amazisenga ndipo akhoza kukwera nkukupezani chala. Chidutswa chonyansitsitsa chija sungani poboolera mabowo a ma eyelet (timphete tachitsulo todutsitsamo chingwe) ndi mabatani okhoma, kapena pomatira guluu ndi kudulira mapepala ndi leza wakale, ntchito zimene simungafune zichitikire pa mat yatsopano.

Chimodzi chokha musachite nacho, musapite nacho kukhitchini kuti chikhale chodulirapo nyama kapena tomato. Pulasitiki wake sanapangidwire chakudya, ndipo m'mizere yokumbika ija mumabisala litsiro loti sopo safikamo.

Mukadzagula ina, ngati ndalama ilola tengani yaikulu, A2 kapena A1, chifukwa malo odulira akachuluka simubwereza mzere umodzi, ndipo chitenje chopinda pawiri chimagona bwino osachita kukoka. Ya mu shopu ya mabuku ndi zolembera imagwira, kungoti ina imakhala yolimba pamwamba ndiye idinikizeni ndi chikhadabo pakona muone ngati ikubwerera. Poisunga igone pamalo osalala, pansi pa bedi pa thabwa kapena pa tebulo pomwepo mutaiphimba ndi nsalu, kutali ndi windo ndi positira, ndipo amene akukubweretserani pa basi muwauziretu kuti asaikulunge, aipanikize pakati pa makatoni awiri.