Chokokera cha Blue Ox ndi mabuleki a Patriot pa msewu wa ku Salima

Nditagula galimoto yakale yogonamo, ndinafuna kumakoka kagalimoto kanga kumbuyo kwake pochoka ku Lilongwe kupita kunyanja. Mmisiri wina anati angondiwotcherera chitsulo chotsika mtengo, koma ndinakana ndipo ndinaitanitsa kunja chokokera cha kampani ya Blue Ox, chomwe mikono yake iwiri imatambasuka ngati chilembo cha A n'kugwira pa chitsulo chomangidwa ku chasisi ya galimoto yokokedwayo.

Chomwe chandikhutiritsa kwambiri ndi mabuleki a Patriot, opangidwa ndi kampani yomweyo. Ndi kabokosi kamene kamaikidwa pansi kutsogolo kwa mpando wa dalaivala m'galimoto yokokedwayo, ndipo kakazindikira kuti galimoto yakutsogolo ikuchepetsa liwiro, kamakankha pedulo ya buleki molingana ndi mphamvu yomwe ndaponda. Potsetsereka pa msewu wa M14 kulowera ku Salima, kulemera kwa kagalimotoko, komwe kumaposa tani imodzi, sikunandikankhe ngakhale pang'ono. Chokokera chikamasuka, kachingwe kena kamachititsa kuti galimoto yokokedwayo iime yokha.

Mtengo wa zipangizo ziwirizi ndi wowawa ndithu, makamaka mukawonjezera msonkho. Eni galimoto za otomatiki ayambe awerenga buku la galimoto yawo, chifukwa giyabokosi zambiri zimawonongeka zikakokedwa matayala onse ali pansi injini itazimitsidwa.