Ndemanga: penti wa PVA ndi momwe adandiwerengera malita pa hardware

Penti wa PVA (penti wosungunula ndi madzi) wa mtundu wa kirimu amene ndidagula pa hardware ina ku Malangalanga mu Lilongwe ndi wabwino, koma chandilembetsa ndemangayi kwenikweni ndi bambo wogulitsa. Wopenta wanga adali atandiuza kuti chipinda chimodzi chogona chifunika chidebe cha malita 20. Bamboyo sadathamangire kundinyamulira chidebecho. Adandifunsa miyezo ya chipinda, natenga cholembera ndi kapepala.

Chipindacho ndi mamita 4 m'litali, 3.5 m'lifupi, ndipo kuchoka pansi kufika ku siling'i ndi 2.7. Adaphatikiza mbali zonse zinayi n'kupeza 15, nachulukitsa ndi 2.7, kudatuluka masikweya mita 40.5. Atachotsapo chitseko ndi zenera, adatsala pafupifupi 37. Khoma limapakidwa kawiri, ndiye 74. Pachitini palembedwa kuti lita imodzi imakwana masikweya mita 8 mpaka 10, koma iwo adatenga 8, nati nambala yapamwambayo ndi ya khoma losalala lopakidwa kale, lomwe m'nyumba zathuzi n'losowa. Zotsatira zake: malita 9 ndi pang'ono, kutanthauza zitini ziwiri za malita 5. Siling'i adaiwerengera payokha, masikweya mita 14, chitini china choyera. Adandiuzanso mosabisa kuti chidebe chachikulu chimatsika mtengo pa lita, choncho ndikadakhala ndi zipinda zina zofuna mtundu womwewo, bwenzi atandilangiza chimenecho. Wamalonda wotere ndimamulemekeza.

Pentiyo payekha sanunkha kwambiri, amayenda bwino pa rola, ndipo adauma msanga moti tidabwerezanso tsiku lomwelo, poti kunali m'chilimwe. M'nyengo ya mvula musayembekezere zimenezo. Kupaka koyamba kumaoneka mawangamawanga, musade nkhawa, kwachiwiri kumatseka.

Pomwe sindidakhutire ndi apa. Bamboyo adafunsa kukula kwa khoma, koma sadafunse zomwe zili pakhomapo. Mbali imodzi idali ndi pulasitala watsopano, pomwe tidatseka ming'alu. Pulasitala wotere amamwa penti ngati mchenga wa kudambo, ndipo amafuna adikiridwe aume milungu ingapo, kenako apakidwe kaye plaster primer, penti woyambira wotseka pulasitala kuti asamwe penti. Kumunsi kwa makoma enawo kudali penti wakale wa oyilo wobiriwira, wonyezimira uja. PVA sagwira bwino pamenepo pokhapokha mutakwecha ndi sandipepa ndi kuyamba ndi undercoat (penti wapansi wothandiza wapamwamba kugwira), ndipo mtundu wakuda chotere umaonekerabe pansi pa kirimu mpaka mubwereze kachitatu. Malita 10 aja adatheratu ndendende, osatsala ndi kodzakonzera pomwe ana adzadetse. Funso limodzi lokha likadawonjezera lita kapena awiri pa chiwerengero chija, pamodzi ndi primer.

Kwa amene muli ndi wopenta, yang'anirani madzi. Ena amathira madzi ambiri kuti penti achuluke, khoma n'kumaoneka bwino lero, mawa mukatsamira malaya n'kuyera. Tsatirani mlingo wolembedwa pachitini, womwe nthawi zambiri sudutsa gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo umakhala wa kupaka koyamba. Onetsetsaninso kuti zitini zonse zili ndi batch number imodzi (nambala yosonyeza kuti zidapangidwa limodzi), chifukwa kirimu wa lero ndi wa mwezi wamawa akhoza kusiyana pang'ono, ndipo masana kusiyanako kumaoneka.

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo ndidzapitakonso tikamadzapenta pabalaza. Popita, nyamulani miyezo yolembedwa, kuphatikizapo ya zitseko ndi mazenera, ndiponso jambulani makomawo pafoni muwaonetse, kuti aone okha ngati pali pulasitala watsopano, laimu wakale kapena penti wa oyilo.