Nyale ya sola ndaiyesa m'nyengo ya Chiperoni

Nyale ya sola musamaiyamikire mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Nthawi imeneyo ngakhale yachabechabe imawala mpaka tambala kulira. Mwezi woiyesera ndi Juni, ndipo ine yanga ndaiyesa.

Ndinaigula mu Epulo m'kasitolo kena ka zamagetsi pa Chitakale, kuno ku Mulanje. Ndimagulitsa mandasi, choncho ndimadzuka 3 koloko m'bandakucha kuti ndikande ufa ndi kukazinga anthu opita ku minda ya tiyi asanadutse. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4, mayeso a MANEB ali pakhomo, ndiye iye amaifuna madzulo, ine m'mawa. Kwathu kulibe magetsi. Makandulo ndi mabatire a tochi ankatidyera phindu lonse la mandasi.

Nyaleyo imabwera ndi kapanelo kofanana ndi kope la kusukulu, chingwe cholumikizira, ndi potchajira foni. Ili ndi batani limodzi: mukadina kamodzi imawala pang'ono, kawiri pakatikati, katatu kwambiri. Chogwirira chake chimakoleka bwino pamsomali, komanso imaima yokha patebulo.

Mu Epulo zonse zinali bwino. Pofika kumapeto kwa Meyi inayamba kuzima mwana asanamalize kuwerenga, ine n'kudzuka kupeza mdima. Ndinabwerera nayo kusitolo mtima uli m'mwamba. Mnyamata wogulitsayo sanakangane nane, anangofunsa kuti, "Mayi, kodi panelo munaiyang'anitsa kuti?" Inali padenga, mbali yoyang'ana kummwera, pomwe mwana wa mlongo wanga anaimangirira tsiku loyamba. Anandiuza kuti miyezi ino dzuwa limadutsa chakumpoto, motero ndiisamutsire mbali inayo, ndiitsamiritse pang'ono, ndipo ndiziipukuta fumbi. Tinatero tsiku lomwelo, ndipo nyale inabwerera mwakale. Ndikumuyamikira mnyamatayu, koma mawu amenewa akanandiuza tsiku logula. Ndi angati amene anataya nyale zabwinobwino chifukwa cha panelo yoyang'ana kolakwika?

Ife a mbali ino tili ndi vuto lina lomwe a ku Blantyre sangalidziwe. Phiri lili kumpoto chakum'mawa kwathu, ndipo si kaphiri: nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. M'nyengo yozizira dzuwa limatulukira kuseri kwake, ndiye limachedwa kufika padenga pathu. Onjezanipo Chiperoni, mphepo yachinyezi ija yochokera ku Mozambique, yomwe dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone. Ikabwera, mvumbi umagwa masiku angapo, phiri lonse osaoneka, zovala osauma. Mwezi uno inatigwira masiku atatu otsatizana. Tsiku loyamba tinawerengera kuwala kwapakatikati popanda vuto. Lachiwiri tinatsitsa. Lachitatu nyale inatipirira mpaka cha m'ma 9 koloko usiku, ndipo mandasi a m'mawa mwake ndinakazingira kuwala kwa moto. Kwa kanthu kakang'ono chotere, ndikuti yalimba.

Zodandaula zilipo ziwiri. Mukatchaja foni tsiku la mitambo, dziwani kuti usikuwo mugona mumdima, batire lake silingakwanitse zonse ziwiri. Chinanso, chingwe chake n'chopyapyala, chayamba kale kuthetheka polowera m'nyale, ndipo kusitoloko alibe china chogulitsa pachokha. Pano ndachikulunga ndi tepi.

Koma chomwe chandilembetsa zonsezi ndi madzulo a pa 21 Juni. Mwana wanga anali pa buku la Jogalafe, kenaka anadzutsa mutu. "Amayi, mukudziwa kuti lero ndi tsiku lalifupi kuposa onse pachaka?" Anatenga lalanje, nalipendeketsa, nkumalizungulitsa pa nyale ija ngati ndiyo dzuwa. Anati dziko lathuli ndi lopendekeka ndi madigiri pafupifupi 23 ndi theka, ndipo mu Juni mbali yathu ya kummwera imakhala itafulatira dzuwa. Kuno usana umangokwana maola 11 ndi mphindi zochepa, pamene mu Disembala umafika maola 13. Ku Ulaya tsiku lomwelo ndiye lalitali kwambiri. Kuyambira mawa lake usana umayamba kutalika, poyamba ndi masekondi chabe, munthu osazindikira, ndipo kuzizira kumapitirirabe mpaka Julayi.

Agogo ake, omwe anali chete pambali pa mbaula atafunda chitenje, anati iwo za madigiri sazidziwa, koma kuyambira utsikana wawo amaona dzuwa likusuntha potulukira pake m'mphepete mwa phiri, kufika pena n'kuima, kenaka n'kuyamba kubwerera. Mwanayo anawomba m'manja: "Ndi zomwezo agogo!"

Chaka chino chatiwawa, malonda akuyenda mwapang'onopang'ono ndipo chifuwa cha agogowa chimavuta kukazizira. Kumva kuti usiku wafika pothera kutalika kunandikhazika mtima pansi kuposa mmene ndingafotokozere. Ndinavula nyale pamsomali, ndinaiika pakati pa mphasa, n'kudina katatu, zomwe sitichita mwezi uno poopa kutha batire. Tinaotcha mbatata, ndinaphika tiyi wamkaka, ndipo tinaitana aneba athu ndi ana awo awiri. Tinapemphera, tinadya, ana anasewera ndi zithunzithunzi za manja awo pakhoma.

Mukafuna kugula, funsani ngati ali ndi chingwe chapadera musanapereke ndalama, ndipo panelo iyang'ane kumpoto. Ine ndikusunga kandalama koti ndigule yachiwiri, yoti izikhala kukhitchini. Mwana wanga walemba kamzere ndi khala pakhoma la khitchiniyo, pomwe kuwala kwa dzuwa kunayambira kugunda m'mawa wa pa 22, ndipo akuti tidzayang'anenso akamaliza mayeso.