Batire la lithiyamu la 100Ah pa nyengo ya chiperoni

Batire la lithiyamu la mtundu wa LiFePO4 la 12.8V 100Ah, lomwe likupezeka m'mashopu a zamagetsi pa Chitakale, ku Luchenza ndi ku Limbe, ndi loyenera pakhomo la banja, bola mulipatse panelo ya sola yolingana ndi nyengo ya kuno.

Za msonkho kaye. Mu bajeti ya 2019/20 boma lidachotsa VAT pa mapanelo, mabatire, mainveta (zipangizo zosintha magetsi a batire kukhala ngati a ESCOM) ndi mababu a sola. Batire la galimoto mulibe m'gululi. Pogula, funsani lisiti lovomerezeka ndi MRA, muone ngati pa mzere wa batire sadaikepo VAT, ndipo alembepo mtundu ndi nambala ya batirelo. Popanda lisiti, waranti ndi nkhambakamwa chabe.

Batire la lithiyamuli limasunga 1,280Wh (Wh ndi muyezo wa mphamvu: mawati kuchulukitsa ndi maola), ndipo mutha kutapamo pafupifupi 1,000Wh osalivulaza. La gel (mtundu wa batire la asidi) la 100Ah limalola theka lokha, 600Wh. Mababu anayi a 7W kwa maola asanu, TV ndi dikoda kwa maola anayi, kuphatikiza mafoni, zimadya pafupifupi 500Wh. Ndiye kuti la lithiyamu likusungani mausiku awiri, la gel umodzi. Filiji ikafuna kulowapo, batire limodzi silikwana.

Ubwino weniweni wa batire la lithiyamu umaoneka mu June ndi July, mtambo ukakuta phiri la Mulanje masiku atatu kapena anayi, mvula ya mawawa ili waa. Batire la gel likakhala losadzaza masiku otere, mapuleti a mkati mwake amagwira salifeti (zoyera zolimba zomata pa mapuletiwo), ndipo mphamvu yotayikayo sibwereranso. La lithiyamu silidandaula kukhala pa theka. Koma kunja kukachita chisisira chotero panelo imapereka kachigawo kochepa kwambiri ka mphamvu yake, choncho ya 100W ndi yaing'ono. Ndalama yomwe mwapulumutsa pa msonkho ipite pa panelo ya 300W ndi kontirola (kachipangizo koyang'anira kachajidwe ka batire) ya mtundu wa MPPT, womwe umakoka mphamvu zambiri pa panelo.

Zovuta zambiri zimachokera kwa olumikiza. Kontirola ikasiyidwa itatcheredwa ngati ya batire la asidi, nthawi zina imakankha kupitirira 15V, BMS (kachipangizo ka mkati koteteza batire) n'kudula magetsi, eni ake n'kumati batire lafa. Pa kontirolayo ikani 14.2V mpaka 14.4V ndipo zimitsani equalize, kachajidwe ka mavoti okwera ka mabatire a asidi. Ayironi ya 1,000W imakoka pafupifupi 90A pa 12V, pomwe ma BMS ambiri amalekera pa 100A. Kusita ndi kuphika zisiyireni ESCOM kapena makala. Pakati pa batire ndi inveta pakhale waya wa 25mm² wosapitirira mita imodzi, ndi fyuzi pafupi ndi mutu wa +. Waya woonda amatentha mpaka kusungunula chikopa chake.

Achinyengo nawo alipo. Batire lenileni nthawi zambiri limalemera makilogalamu 10 mpaka 13. Likapepuka kwambiri kuposa apo, mwina mkatimo muli timaselo tating'ono, ndiye liyezeni pa sikelo musanalipire. Wolumikiza akhale ndi chiphaso cha MERA, ndipo akusonyezeni.